Masamba Omaliza Anawasuta Alamu

Buku limene ndinalikonda kuposa onse pautsikana wanga linalibe mathero. Masamba ake omaliza anawasuta alamu anga, amuna awo a akulu anga, ndipo sindikuphiphiritsa ayi. Ankang'amba tsamba limodzi, kulidula pakati, kuthiramo chingambwe, kunyambita m'mphepete, n'kuyatsa. Pamene ndinkazindikira n'kuti atasuta machaputala atatu athunthu. Nditawafunsa, anandiyankha utsi ukutuluka m'mphuno kuti, "Mlamu, ndayambira kumbuyo dala kuti ndisakusokonezeni kumene mukuwerengako." Iwo anaona ngati andichitira ulemu waukulu.

N'kuti matipate atangolowa kumene. Ine ndinali nditalekezera sukulu Fomu 2, ndipo amayi ananditumiza kuchoka kwathu ku Nathenje kupita ku esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mitundu, kumene akulu anga ndi amuna awo anali matenanti. Akulu angawo anali oyembekezera, ana awiri aakazi ali kale m'manja, ndiye pankafunika wowathandiza. Bukulo ndinalitola m'katoni ya mapepala otayidwa kuseri kwa ofesi ya paesitetipo. Linali la Chingerezi, ndipo pachikuto pake panali mtsikana wa diresi lalitali atagwira geti.

Nkhani yake inali ya mtsikana ameneyo, kudziko lina lozizira, akusamalira bambo ake odwala amene anali ndi munda waukulu. Pakhomopo pankabwera amuna awiri. Wina anali woweta mahatchi, wamwano, wosadziwa kupereka moni, amene aliyense ankamukayikira. Winayo anali wogulitsa mankhwala, wofatsa, amene tsiku lililonse ankabwera ndi kabotolo ka mankhwala a bambo aja, ndipo akafika pakhomo ankayamba wavula chipewa.

Nyengo yosankha fodya azimayi tinkakhala m'chigafa tsiku lonse, titayala ziguduli, manja ali bii ndi utomoni wa masamba. Ntchitoyo ndi ya manja ndi maso, makutu amangokhala. Tsiku lina mayi wina wachikulire wa ku Mulanje, amene pakamwa pake sipankatera ntchentche, anandiona ndikusuzumira m'buku n'kunena kuti, "Iwe, ukusakaniza fodya wabwino ndi woipa chifukwa cha chimenecho. Siya fodyayo, utiuze zimene zikukuseketsazo." Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inakhala imeneyo. Ndinkawerenga ndime chamumtima, n'kuinena m'Chichewa. Anayamba kunditchula kuti aphunzitsi, ndipo ndisaname, zinandilowa m'mutu. Ndinkachita kukhosomola kaye ndisanatsegule buku.

Panali tsamba lina limene wogulitsa mankhwala uja anapeza mtsikanayo atanyamula ndowa ya madzi. Anamulandira, n'kukafika nayo mpaka m'nyumba, kenako anagwada n'kusambitsa mapazi a bambo odwalawo. Chigafa chonse chinafa ndi phwete.

"Mwamuna kutunga madzi?" anatero mayi a ku Mulanje. "Ameneyo anamudyetsa khuzumule, musandinamize."

Akulu anga okha sanaseke. Anaika tsamba la fodya pamwendo n'kunena chapansipansi kuti, "Tabwereza pamenepo." Ndinabwereza. Mawa lake anandipemphanso, ndipo mkuja wake chimodzimodzi. Chifukwa chake tonse tinkachidziwa ngakhale panalibe wochitchula. Alamu ankamenya. Akamwa ankamenya, fodya akapsa ndi dzuwa ankamenya, ndipo pathupi paja sipanawaletse. Akulu anga ankabwera m'chigafa atamanga duku mpaka m'maso, ife n'kumayang'ana fodya.

Tsono tsiku linafika limene ndinkaliopa. Bambo a mtsikana uja anamwalira, maliro anatha, mtsikanayo analowa kuchipinda kwa malemuwo n'kutsegula kabati. Tsamba linathera pomwepo, pakati pa chiganizo. Kutsogolo kwake kunali tizidutswa ta mapepala tomata kumsana wa buku, basi. Nditakweza maso ndinapeza azimayi onse asiya kusankha, akundiyang'ana kukamwa.

Ndikanatha kunena zoona. Akanaseka, akanatukwana alamu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma aphunzitsi anganene bwanji kuti sakudziwa? Ndinaimika bukulo kuti iwo aziona chikuto chokha, ndinayang'ana pachikuto cham'kati pamene panalibe chilembo ndi chimodzi chomwe, n'kupitiriza. Ndinati m'kabatimo munali umboni woti woweta mahatchi ndi amene ankaba zinthu za malemu. Ndinamumangitsa. Ndinatenga masiku atatu ndikupeka, ndipo tsiku lachitatulo ndinakwatitsa mtsikanayo kwa wogulitsa mankhwala, ukwati wa kutchalitchi, madyerero mpaka dzuwa kulowa.

"Azungu nawonso amachita perekaniperekani?" anafunsa mayi a ku Mulanje.

"Zalembedwa pano," ndinatero ine, chala chili pachikuto chopanda kanthu.

Akulu anga anachira m'nyengo yozizira, mwana wamwamuna. Mchombo utagwa, tsiku lomutulutsa m'chikuta, panafunika womutcha dzina. Abale a alamu anali kutali ndipo sanatumize mawu, choncho udindowo unagwera ife akuchikazi. Akulu anga anandiitana m'nyumba n'kundiuza kuti, "Utcha ndiwe. Dzina limene ndikufuna ukulidziwa." Ndinalidziwadi. Kwathu wotcha dzina satcha chimanjamanja, ndiye ndinabwera ndi sopo ndi kachipewa kamene ndinaluka ndekha, ndinamunyamula mwanayo pamaso pa anthu, n'kumutcha dzina la wogulitsa mankhwala uja. Dzinalo sindilitchula pano, mwini wake ali moyo ndipo amawerenga. Linali lachilendo, lovuta lilime, moti alamu anatenga mwezi asanalitchule bwino. Koma linalembedwa pakhadi ya kusikelo, ndipo ndi lomwelo limene abusa anamubatiza nalo.

Chaka chotsatira, mwanayo atayamba kukwawa, ndinapita ku Nathenje kukaona amayi. Masiku amenewo nyumba za vidiyo zinali zitamera ngati bowa. Chipinda chilichonse chimene kale chinali golosale yakufa chinali ndi jenereta kuseri, sipika yopachikidwa pakhonde, ndi bolodi lolembedwa ndi choko. Zoonetsa zake zinali zomenyana ndi za asilikali, moti ukamadutsa pamsewu unkangomva kulira kwa mfuti. Ine sindinkayang'anako n'komwe. Koma tsiku limenelo, ndikuchokera kumsika, diso langa linagwa pachikuto cha kaseti chimene anachikhomera pabolodi. Mutu wake unali womwewo wa buku langa, liwu ndi liwu. Pansi pake panali mtsikana atagwira geti.

Ndinaima ngati wapondedwa ndi chinthu. Sindinkadziwa kuti zimenezi zimatheka, kuti anthu amene ndinkawasunga m'chikwama changa angathe kukhala ndi nkhope, n'kumayenda. Mwini vidiyoyo, bambo wina wamimba wovala chipewa cha nsalu, anandiuza kuti kasetiyo aibweretsa kuchokera ku tauni Loweruka la kumapeto kwa mwezi. "Ndi yachikondi imeneyi, anyamata saikonda," anatero. "Ndiionetsa masana, nthawi imene kulibe anthu ambiri."

Ndinabwerera ku Mitundu mapazi osagunda pansi. Milungu itatu imeneyo m'chigafa munalibe nkhani ina. Tinakangana za ndevu, ena akuti munthu waulemu chotero sangasunge ndevu, ena akuti ali nazo koma zopesa. Mayi a ku Mulanje ankafuna kuona ngati pa perekaniperekani azungu amavinadi kapena amangoyenda. Akulu anga anali ndi funso limodzi lokha, ndipo ankandifunsa tikatsala awiri: "Pa madzi paja aonetsa?" Ndinkati aonetsa, ngati kuti kanemayo ndinajambula ndine.

Kodi sindinachite mantha? Pang'ono pokha, ndipo ndi zimene zimandidabwitsa mpaka lero. Bodza lija ndinali nditalinena kambirimbiri moti linakhazikika, ndinkachita kukumbukira ukwati uja ngati ndinauwerengadi. Ndikaganizako ndinkadziuza kuti mwina diresi lidzasiyana, mwina nyimbo, koma nkhani yotereyi ingathe bwanjinso? Wabwino ndi wabwino, woipa ndi woipa, aliyense akuwaona. Chimene chinkandidetsa nkhawa chinali china: kuti azimayi apabanja kulowa m'nyumba ya vidiyo zinali zoti akulu a mpingo akamva akuitana. Akulu anga, munthu amene sankapita ngakhale kumsika osapempha, anauza alamu kuti akupita kukaonetsa mwana kwa agogo ake. Linali bodza lawo loyamba limene ine ndikulidziwa.

Lowerukalo tinakwera matola tili atatu, ine, akulu anga ndi mwana kumbuyo, ndi mayi a ku Mulanje amene anati sangamve za m'maluwa. Buku ndinalitenga m'chikwama, sindikudziwa kuti ndinkafuna kukamuonetsa ndani. Tinafika fumbi lili mpaka m'nsidze. M'chipindamo anatchinga mawindo ndi masaka, munkanunkha thukuta ndi utsi wa jenereta, ndipo pamabenchi panali azibambo angapo amene anatitembenukira ngati talowa kudambwe. Mwini wake anakhala pampando pambali pa wailesi ya kanemayo, chifukwa ndi iye amene ankamasulira. Azungu akalankhula, iye ankakuwa kuti, "Apa akuti," n'kunena zake.

Kudabwa kwanga koyamba kunali nkhope. Wogulitsa mankhwala wanga, amene m'mutu mwanga anali wamtali ngati mlongoti, anatulukira ali wamfupi, dazi likuyamba, timanja tating'ono toyera. Woweta mahatchi, amene ine ndinkamuona wa mano oola, anali mnyamata woti ukakumana naye panjira utembenuka. Ndinakwiya. Ndinanong'oneza akulu anga kuti asokoneza anthu, koma iwo sanandimve. Maso awo anali pagalasi, pakamwa pali pululu.

Kenako inafika ndowa ija. Anamulandiradi, anainyamuladi, anagwadadi n'kusambitsa mapazi a nkhalamba ija, ndendende mmene ndinkawerengera. Akulu anga, amene mawu awo sankamveka ngakhale pakwaya, analankhula mokweza chipinda chonse n'kumva.

"Ndi ameneyo. Mwana wangayu dzina lake ndi lomwelo."

Mwini vidiyo anasiya kumasulira. Anawayang'ana, anayang'ana mwanayo, n'kufunsa kuti, "Mwati bwanji, mayi?"

"Ndati tinamutcha dzina la bambo ameneyo."

"Oho," anatero, n'kukanda m'chipewa. "Chabwino. Tiyeni tione."

Oho ameneyo anandikumbutsa chinthu chimodzi. Munthuyo anali ataionera kale kasetiyo.

Nkhalamba ija inamwalira. Maliro anatha. Mtsikana uja analowa kuchipinda n'kutsegula kabati, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona zimene zinali kuseri kwa utsi wa alamu. Munali timabotolo ta mankhwala tandandalika, tosatsegula, ndi kalata pansi pake.

"Apa bambo aja analemba kuti, mwana wanga, mankhwalawa ndi amene akundipha," anakuwa mwini vidiyo. "Akuti ndazindikira mochedwa. Akuti munthu ameneyu akufuna munda, usamukwatiwe."

Ndinamva thupi lonse likuchita tsembwe. Ndinafuna kuimirira kuti ndinene kuti wamasulira molakwa, koma Chingerezicho ndinali nditachimva ndekha. Ndipo pagalasipo chitseko chinatseguka, analowa munthu wathu uja. Anavula chipewa monga mwa masiku onse. Anachiika bwinobwino patebulo, anakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba. Akumwetulira, ndi mawu ofatsa omwe aja, anamupempha mtsikanayo kalatayo. Atakana, anamumenya mbama imene inamugwetsera pansi.

Akulu anga anadzidzimuka ngati mbamayo yagwa pa iwo. Ndinawaona akukweza mkono kutchinga kumaso, mmene ankachitira kunyumba.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero mayi a ku Mulanje, koma sanaumalize mwambiwo, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akusowa mawu.

Azibambo aja anayamba kutembenuka mmodzimmodzi, osayang'ananso kanema koma mwana amene anali mtulo kumbuyo kwa mayi ake. Wina wa kubenchi yakutsogolo anati, "Mayi, ameneyo akakula musamadzamutume mankhwala." Chipinda chonse chinaseka. Sanali anthu oipa, nanenso ndikanakhala mmodzi wa iwo ndikanaseka. Akulu anga anaimirira, anakoka nsalu kuphimba mutu wa mwanayo, n'kutuluka. Ine ndinawatsatira. Mmene kanemayo anathera sindikudziwa mpaka lero, ndipo sindinafunepo kudziwa.

Kunja dzuwa linatithobwa m'maso. Minibasi zinkaitanira anthu a ku tauni, amayi a tomato akutsatsa malonda awo, zonse zili m'malo mwake ngati palibe chachitika. Akulu anga anakaima pansi pa mtengo kuseri kwa nyumbayo. Ndinkayembekeza kuti andilalatira. M'malo mwake anandigwira dzanja.

"Aononga buku," anatero. "Anthu a kanemawa aononga buku lathu. Bwerera ukawauze. Uli nalo m'chikwamamo, ndinakuona ukuikamo. Ukawawerengere pa ukwati paja, amve okha kuti mwana wanga sanatchedwe dzina la chigawenga."

Khomo lothawira linali limenelo, ndipo ananditsegulira okha. Ndikanangoti inde achemwali, azungu amatero, amasintha nkhani kuti igulidwe. Akanakhulupirira, chifukwa ankafuna kukhulupirira. Ndinatsegula pakamwa kuti nditero. Koma iwo anali atapisa kale dzanja m'chikwama changa, natulutsa bukulo, n'kundipatsa.

"Ndilozere ndi chala pamene pali ukwati. Ine sindiwerenga, koma ndikufuna ndipaone."

Ndinalitsegula chakumapeto. Tizidutswa tija tinali pomwepo, tomata kumsana, m'mphepete mwake muli zizindikiro za zikhadabo za alamu. Anayang'ana nthawi yaitali. Anapititsa chala pamenepo ngati akufufuza nsabwe mumsoko.

"Masamba ake ali kuti?"

"Anasuta alamu."

"Liti?"

"Tisanayambe n'komwe kuwerenga m'chigafa."

"Ndiye ukwati uja?"

"Ndinapeka ine, achemwali."

Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa, kapena kundimenya ndi bukulo. Anangofunsa mmodzimmodzi, ngati munthu amene akutola zimene zatsala nyumba itapsa.

"Madzi aja anatungadi?"

"Anatungadi. Pamenepo ndinawerenga zoona."

"Mapazi aja anasambitsadi?"

"Anasambitsadi."

"Akudziwa kuti akumupha."

Anayang'ana kumsewu, kumene kondakitala wina ankakokerana katundu ndi mnzake, kenako ananena mawu amene sanandichoke m'makutu zaka zonsezi.

"Ndiye kuti palibe ndi mmodzi yemwe. Ngakhale m'buku."

Ndinalira pamenepo, kulira kwa manyazi, chifukwa ndinazindikira chimene ndinawabera. Ine ndinkaona ngati ndikusangalatsa azimayi pantchito ndi kuteteza uphunzitsi wanga wabodza. Iwo chaka chonse chija, akamenyedwa, ankadziuza kuti kwinakwake kuli mwamuna wina wosiyana, wolembedwa papepala ndi anthu ophunzira, ndipo mwana wawo atengera ameneyo.

Ndinati mwina tisinthe dzina. Ndinati mwana akadali wamng'ono, sakulidziwa. Anapukusa mutu.

"Dzina la ubatizo ulifufuta ndi chiyani? Ndipo ndikawauza chiyani bambo ake, kuti ndinali ku vidiyo?"

Anamasula nsalu, anamutsitsa mwanayo amene anali atadzuka n'kuyamba kulira, n'kumuika m'manja mwanga. Kenako anandiponyera nsaluyo paphewa.

"Bereka," anatero. "Munthu amene ine ndinamutchera mwanayu kulibe kwina kulikonse, ali m'mutu mwakomo. Unamupanga ndiwe, unatchanso dzina ndiwe. Ndiye umutulutse m'menemo, umuike mwa uyu."

Ndinamubereka kuchokera pamenepo mpaka kwa amayi, ndipo mawa lake mpaka ku Mitundu. Mayi a ku Mulanje, ndi pakamwa pawo ponse paja, sanaulule kanthu m'chigafa. Atafunsidwa anangoti jenereta inazima pakati. Buku lija ndinalisiya dala pawindo, ndipo alamu analimaliza mvula isanagwe.

Mwanayo ndinamulera theka, makamaka akulu anga atabwerera kwathu ku Nathenje ukwati utatha. Ndinamuphunzitsa kutunga madzi anzake akumuseka, ndinamuphunzitsa kutsuka mbale, ndinamuphunzitsa kuvula chipewa. Lero ndi bambo wa ana ake, wofatsa, ndipo anthu amatiyamikira kuti tinalera. Chaka chatha, pamwambo wina wa pabanja, mkazi wake ankachokera kumjigo atasenza ndowa. Iye anaimirira pakati pa azibambo anzake, anakamulandira, n'kukafika nayo kukhitchini. Azimayi analulutira.

Ine thupi linachita tsembwe, ngati tsiku lija. Ndinadikira pang'ono, n'kuzemba kupita kukhitchiniko kuti ndikamufunse mkaziyo pambali ngati kunyumba kwawo kulidi mtendere. Nditafika ndinapeza akulu anga ali kale komweko, atamugwira mpongozi wawoyo pachibwano, akumutembenuzira kowala kuti amuone bwino kumaso.